Madzi a M'girinihausi ku Mwanza: Mthirira Wodontheza kapena Njira Zozolowereka?

Boma la Mwanza, limene lili kumadzulo kwa chigawo cha kummwera ndipo limachita malire ndi chigawo cha Tete cha dziko la Mozambique pa chipata choyang'anizana ndi Zobue, limadziwika m'dziko lonse chifukwa cha manachesi, koma chuma chotsamira pa chipatso chimodzi chimene chimapsa nthawi imodzi chimapatsa mlimi ndalama kwa miyezi yochepa n'kumusiya chimanjamanja miyezi yotsalayo. Pa chifukwa chimenechi, maganizo akuti alimi a m'bomali alowe mu ulimi wa chaka chonse wa tomato, tsabola, nkhaka ndi mbande za zipatso ali ndi maziko omveka, makamaka poona kuti msewu wa M6 umalumikiza Mwanza ndi Zalewa, ndipo mzinda wa Blantyre, kumene kuli mahotela ndi masitolo akuluakulu, uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100. Ulimi woterewu umachitikira m'girinihausi, imene ndi nyumba ya mizati yachitsulo kapena yamitengo, yofoleredwa ndi pulasitiki woonekera ndi kutchingidwa ndi ukonde m'mbali, yoteteza mbewu ku mvula yamphamvu, mphepo ndi tizilombo. Denga limene limatchinga mvula yowononga limatchinganso mvula yothirira, kotero kuti madzi onse amene mbewu imamwa ayenera kufika ndi dzanja la munthu kapena ndi paipi, ngakhale pakati pa dzinja. Funso limene limagawa anthu ndi lakuti kodi mlimi wamalonda wa ku Mwanza aike mpamba wake mu mthirira wodontheza, wokhala ndi pampu, thanki, sefa ndi mapaipi, kapena apitirize ndi makeni, mapaipi ogwira pamanja ndi ngalande zimene anazolowera kudimba.

Zimene mbali zonse zimavomereza

Madzi amene mbewu imafuna amayezedwa m'mamilimita, ndipo milimita imodzi ndi lita imodzi yothiridwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Bungwe la FAO, limene ndi nthambi ya United Nations yoona za chakudya ndi ulimi, limanena kuti tomato amafuna mamilimita a pakati pa 400 ndi 800 pa nyengo yonse ya kukula kwake, malinga ndi kutentha kwa dera, mphepo ndi kutalika kwa nyengoyo. Girinihausi ya mamita 8 m'lifupi ndi mamita 30 m'litali ili ndi masikweyamita 240, ndipo ngati tomato wobereka akumwa mamilimita 5 pa tsiku m'nyengo yotentha, nyumba imodzi yokhayo imafuna malita 1,200 tsiku lililonse, amene ndi ndowa 60 za malita 20, pamene famu ya magirinihausi 10 imafuna malita 12,000.

Mbali zonse zimavomerezanso kuti madzi a ku Mwanza amasinthasintha kwambiri ndi nyengo. Mvula imagwa kuyambira cha mu Novembala kapena Disembala mpaka Malichi kapena Epulo, mitsinje monga Mwanza ndi Mkulumadzi imatsika kuchokera kumapiri kulowera ku Shire, ndipo timitsinje tambiri timene timasefukira m'dzinja timatsala mchenga wokhawokha chilimwe chikafika pachimake. Pansi pa dera lamapiri ngati limeneli pali miyala yolimba yakalekale imene imasunga madzi m'ming'alu ndi m'chigawo chofumbutuka chapamwamba pokha, ndipo n'chifukwa chake mijigo ya m'malo otere nthawi zambiri imakwanira kumwa ndi kuphikira koma imalephera ikamangiriridwa pampu yaikulu. Mwezi wa Okutobala, pamene mbewu imamwa kwambiri, ndi mwezi womwewo umene gwero lililonse limapereka madzi ochepetsetsa.

Mbali yoyamba: mthirira wodontheza ndiwo woyenera

Mthirira wodontheza ndi njira imene madzi amayenda m'timapaipi toyalidwa m'mizere ya mbewu n'kumatuluka pang'onopang'ono pa timabowo tokonzedwa mwaluso, kawirikawiri lita imodzi kapena awiri pa ola, pa tsinde penipeni pa mbewu. Njirayi inakhwimitsidwa m'dziko la Israel, kumene injiniya Simcha Blass anagwirizana ndi mudzi wa alimi wa Hatzerim m'chipululu cha Negev n'kukhazikitsa kampani ya Netafim mu 1965. Oikira kumbuyo njirayi amayambira pa chiwerengero cha FAO chimene chimasonyeza kuti mwa magawo 100 alionse a madzi ofika m'munda, mthirira wodontheza umafikitsa ku mizu magawo pafupifupi 90, wowaza ngati mvula umafikitsa 75, pamene wa ngalande umafikitsa 60. Tanthauzo lake n'lakuti, pofuna kuti malita 1,200 afike ku mizu, wodontheza ayenera kutunga malita pafupifupi 1,330, pamene wa ngalande ayenera kutunga malita 2,000, ndipo pa mjigo wofooka wa mu Okutobala kusiyana kumeneku n'kumene kumaloza ngati mbewu ipulumuka kapena ifota.

Mfundo yachiwiri ikukhudza thanzi la mbewu. M'girinihausi mpweya umakhala wofunda ndi wachinyontho, ndipo masamba akanyowa ndi madzi a keni kapena a paipi matenda a chiwawu amafala msanga, pamene madzi odonthera pansi amasiya masamba ouma. Kuwonjezera apo, tomato amene amamwa mopitirira lero n'kukhala ndi ludzu mawa amang'ambika khungu, kapena amachita banga lakuda lolowa m'kati kumunsi kwa chipatso chifukwa mchere wa kashiyamu sunafike bwino ku chipatsocho, ndipo tomato wotere hotela kapena sitolo yaikulu siimulandira. Chinyontho chokhazikika chimabereka zipatso zofanana msinkhu ndi maonekedwe, zimene ndizo zimagulidwa pa mtengo wobweza ndalama za pulasitiki ndi mizati.

Mfundo yachitatu ndi ya feteleza ndi ntchito. Pa mthirira wodontheza feteleza amasungunulidwa m'madzi n'kuperekedwa pang'onopang'ono malinga ndi msinkhu wa mbewu, ndipo popeza mtengo wa feteleza unakwera kwambiri ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi magawo 44 pa 100 alionse mu Novembala 2023, kilogalamu iliyonse imene siikokoloka ndi phindu looneka. Ntchito yosenza ndowa 60 tsiku lililonse, imene m'midzi yambiri imagwera amayi ndi ana, imasanduka ntchito yotsegula ndi kutseka mavalavu, ndipo nthawi yopulumutsidwayo imapita ku kudulira, kumangirira ndi kufufuza tizilombo.

Oikira kumbuyo njirayi amalozanso ku Lumbadzi, pafupi ndi bwalo la ndege la Kamuzu, kumene bungwe la Greenbelt Authority mogwirizana ndi kampani ya Inosselia linakhazikitsa magirinihausi othiriridwa modontheza amene amabereka ndiwo zamasamba zimene kale masitolo ankaitanitsa kunja. Amakumbutsanso kuti ndondomeko yaikulu ya ulimi wamthirira ya mu 2015 inapeza kuti dziko la Malawi lili ndi mahekitala pafupifupi 408,000 oyenera kuthiriridwa, koma pa nthawiyo gawo limodzi lokha mwa magawo anayi ndilo linali litakonzedwa. Ngalande zikuluzikulu monga ya Shire Valley Transformation Programme, yokonzedwa kuti izitenga madzi ku Kapichira kukathirira mahekitala oposa 43,000 ku Chikwawa ndi Nsanje, zimayenera malo athyathyathya a kuchigwa, pamene ku Mwanza, kumene kuli zitunda ndi makwawa, tsogolo la mthirira lili m'minda ing'onoing'ono yobereka zambiri ndi madzi ochepa. Chilala cha El Niño, chimene chinachititsa boma kulengeza mu Malichi 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, chinalimbitsa mfundo yakuti madzi otayika m'ngalande ndi chuma chimene dziko silingakwanitse kutaya.

Mbali yachiwiri: njira zozolowereka ndizo zodalirika

Otsutsa sakana chiwerengero cha FAO, koma amanena kuti magawo 90 aja ndi a zipangizo zatsopano, zoikidwa bwino ndi zosamalidwa tsiku ndi tsiku. M'kati mwa bowo lodonthezera muli kanjira kokhotakhota kopapatiza, ka milimita imodzi kapena kuchepera, ndipo kanjira kameneka kamatsekeka ndi dothi la madzi a mumtsinje, ndere za m'thanki yosavundikira, dzimbiri la madzi a mijigo ina limene limaundana likakumana ndi mpweya, ndiponso zotsalira za feteleza wa mibulu amene sasungunuka yense. Choopsa chake n'chakuti kutsekekako sikuoneka msanga. Pa mzere wa mamita 30, dothi la pansi pa mbewu zoyambirira limaoneka ndi kabwalo konyowa kokula ngati mbale, pakati pa mzere kabwaloko kamachepa, ndipo kumapeto dothi limakhala loyera ndi lofumbutuka pamene paipi ikuoneka yofufuma bwinobwino. Mlimi amazindikira vutoli nsonga za tomato zitayamba kuwerama masana ndi maluwa atayamba kuyoyoka. Munthu wothirira ndi keni amaona ndi maso ake madzi akulowa pa phando lililonse, ndipo mbewu yodumphidwa imadziwika tsiku lomwelo.

Mfundo yachiwiri ya otsutsa ndi ya mpamba ndi zida zosinthira. Timapaipi, masefa, mapampu ndi feteleza wosungunuka zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja zimene zakhala zikusowa m'dziko muno, kotero kuti kuchepetsedwa mphamvu kwa kwacha kumene mbali yoyamba imatchula kumakwezanso mtengo wa chida chilichonse chimene chawonongeka. Pampu ikafa mu Okutobala, tomato wa m'girinihausi, amene mizu yake inazolowera kukhala pamalo pamodzi ponyowa, sangadikire masiku ambiri kuti chida chifike kuchokera ku Blantyre. Magetsi nawonso si odalirika nthawi zonse, monga zinaonekera namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022 n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, zimene zinabweretsa kuthimathima kwa miyezi yambiri. Mafuta a injini amasowa, ndipo masola amafuna mlonda.

Otsutsa ali ndi umboni wochokera ku Zimbabwe, kumene kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 mabungwe othandiza anagawa zipangizo zambiri za mthirira wodontheza kwa alimi ang'onoang'ono, ndipo kafukufuku amene bungwe la ICRISAT linafalitsa mu 2007 anasonyeza kuti alimi ochuluka anasiya zipangizozo patangopita zaka zochepa n'kubwerera ku ndowa. Zifukwa zake zinali kusowa kwa madzi pa gwero, kusowa kwa upangiri ndi zida zosinthira, komanso kuti mlimi ankayenerabe kusenza madzi kukadzaza mgolo wokwezedwa pamwamba, kotero kuti ntchito sinachepe monga analonjezedwera.

Mfundo yozama kwambiri ya mbali imeneyi ndi yakuti kusamala madzi m'munda umodzi sikutanthauza kuti mtsinje wapulumuka. Lipoti la FAO la mu 2017 lolembedwa ndi Chris Perry ndi Pasquale Steduto, komanso nkhani imene inatuluka m'magazini ya Science mu 2018, zinasonyeza kuti kumene njira zamakono zafala popanda malire pa katungidwe ka madzi, madzi ogwiritsidwa ntchito kawirikawiri amachuluka m'malo mochepa, chifukwa mlimi amakulitsa munda kapena amalima mbewu yomwa kwambiri, pamene madzi a ngalande amene ankaoneka ngati otayika ankalowa pansi n'kubwerera ku mtsinje kapena ku zitsime za anthu akumunsi. Ku Almería m'dziko la Spain, kumene magirinihausi aphimba mahekitala pafupifupi 30,000 ndipo amathiriridwa modontheza, madzi a pansi pa nthaka anapopedwa mopitirira muyeso mpaka madzi amchere a m'nyanja anayamba kulowa m'zitsime zina. Popeza mtsinje wa Mwanza umapitirira mpaka ku Chikwawa, zimene alimi akumtunda amatunga zimakhudza anthu ndi ziweto za kuchigwa.

Pomaliza, otsutsa amakumbutsa kuti m'girinihausi simugwa mvula yotsuka nthaka, kotero kuti mchere wa feteleza ndi wa m'madzi umasonkhana m'mphepete mwa kabwalo konyowa kaja mpaka kuoneka woyera pamwamba pa dothi, ndipo mlimi amayenera kuthira madzi ochuluka nthawi ndi nthawi kuti autsitsire pansi. Amanenanso kuti pa nazale, pamene mbande za manachesi, malalanje ndi mandimu zimakhala m'machubu zikwizikwi osiyana msinkhu amene amasunthidwa pomezanitsa ndi pogulitsa, keni ya mutu wa timabowo tosalala imagwira ntchito bwino kuposa kulumikiza kapaipi pa chubu chilichonse.

Kuunika mfundo za mbali ziwirizi

Mbali yoyamba imayeza ubwino wa mthirira pa tsiku limene waikidwa, pamene yachiwiri imauyeza patapita zaka zingapo, ndipo kwa mlimi amene watenga ngongole ya chiwongoladzanja chokwera muyeso wachiwiriwu ndiwo wofunika. Komabe mavuto amene otsutsa amatchula akaunikidwa limodzilimodzi, zimaoneka kuti ambiri amachokera ku kakonzedwe kolakwika: munda wokula kuposa gwero lake, sefa yosagwirizana ndi mtundu wa madzi, thanki yaing'ono, ndi zipangizo zoperekedwa popanda mmisiri wapafupi. Njira zozolowereka nazonso zili ndi malire amene otsutsa sangawabise, chifukwa keni imene imakwanira pa girinihausi imodzi siingasenze malita 12,000 pa tsiku, ndipo madzi a ngalande m'nyumba yotsekedwa amachulukitsa chinyontho ndi kufalitsa matenda a m'nthaka monga kufota kwa tomato kuchoka pa phando lina kupita pa lina. Palinso mfundo imene mbali zonse siziipatsa malo okwanira, yakuti tomato wa m'girinihausi amapindula kwambiri m'dzinja, pamene tomato wa pabwalo wa ku Ntcheu ndi Dedza amachepa chifukwa cha matenda ndipo mtengo umakwera. Nyengo imeneyi madzi ndi ochuluka koma ndi amatope, kotero kuti m'chilimwe mlimi amalimbana ndi kuchepa kwa madzi pamene m'dzinja amalimbana ndi litsiro lake, ndipo kakonzedwe kabwino kayenera kuyankha zonse ziwiri.

Kakonzedwe kotere kamayambira pa gwero. Mjigo uyenera kuyesedwa poupopa kwa maola ambiri kumapeto kwa chilimwe, kasupe kapena mtsinje uyezedwe nthawi yomweyo, ndipo chiwerengero cha magirinihausi chichokere pa madzi amene apezekawo. Mwachitsanzo, mjigo wopereka theka la lita pa sekondi umatulutsa malita 1,800 pa ola, ndipo ukapopedwa ndi sola kwa maola 6 umapereka malita 10,800, amene sakwanira magirinihausi 10. Madziwo ayesedwenso kuti adziwike ngati ali ndi dzimbiri kapena mchere. Chachiwiri ndi kusunga: thanki yovundikira, yosalowa kuwala kuti ndere zisamere, yokwanira masiku awiri kapena atatu, ndiyo imateteza mbewu pampu ikafa kapena kukachita mitambo. Madzi a padenga la girinihausi ndi oyera ndipo ndi oyenera kukololedwa, koma mvula ya mamilimita 100 pa denga la masikweyamita 240 imapereka malita 24,000, amene ndi madzi a masiku 20 okha, kotero kuti amathandizira gwero koma sangalilowe m'malo.

Chachitatu ndi kugwiritsa ntchito zitunda za Mwanza. Mphamvu imene madzi amakankhira m'paipi, imene amisiri amaitcha puresha, imakula ndi kutalika kwa malo pamene thanki yakhala, ndipo mamita 10 a kukwera amapereka mphamvu yokwanira timabowo tambiri todonthezera, kotero kuti pampu ya sola ingangokweza madzi masana kupita ku thanki ya pachitunda, madziwo n'kumatsika okha nthawi iliyonse imene mlimi wafuna. Chachinayi ndi kusefa: madzi a mumtsinje ayambe aima m'dziwe lokonzedwa kuti matope akhale pansi, kenako adutse m'sefa imene iyenera kutsukidwa kawirikawiri, ndipo mathero a timapaipi atsegulidwe nthawi ndi nthawi kuti litsiro lituluke. Walira mvula walira matope, ndipo wofuna mthirira wodontheza wavomereza ntchito imeneyi. Chachisanu ndi kuyesa kufanana kwa madontho, kumene sikufuna chida chodula: makapu ofanana amaikidwa pansi pa timabowo ta kumayambiriro, pakati ndi kumapeto kwa mzere kwa mphindi zofanana, ndipo akatswiri amalangiza kuti kusiyana kusapitirire magawo 10 pa 100 alionse. Pa nazale, mfundo ya otsutsa ndi yoona, ndipo mbande zazing'ono zingathiriridwe ndi keni kapena tizipangizo towaza mosalala kuchokera ku thanki yomweyo.

Nkhawa ya mtsinje siingathetsedwe ndi mtundu wa paipi. Lamulo la madzi la mu 2013, limene linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority, limafuna kuti wotunga madzi ochitira malonda akhale ndi chilolezo, ndipo malire olembedwa pa chilolezocho, akamatsatidwa ndi kuyezedwa ndi mita, ndiwo amatsimikiza kuti madzi opulumutsidwa m'munda atsale mu mtsinje. Mafumu a m'madera a Kanduku ndi Nthache pamodzi ndi khonsolo ya boma ali ndi udindo woonetsetsa kuti mjigo wa famu usaphwetse mjigo wa mudzi. Malo ofufuzira za ulimi a Kasinthula ku Chikwawa, amene amaona za mthirira, ndi a Bvumbwe ku Thyolo, amene amaona za zipatso ndi ndiwo zamasamba, pamodzi ndi yunivesite ya LUANAR, ali ndi luso lophunzitsa alangizi ndi amisiri a m'deralo, kuphatikizapo amene amakonza kale mijigo, pamene makopaletivi angagule zida zosinthira pamodzi n'kuzisunga pa boma.

Chigamulo

Pa ulimi wamalonda wa m'girinihausi, mbali yoyamba ndiyo ili ndi mfundo yolemera, chifukwa palibe njira ina imene imapereka chinyontho chokhazikika, masamba ouma ndi feteleza woyezedwa pa madzi ochepa a ku Mwanza. Koma kupambana kumeneku kuli ndi zoyenera kukwaniritsa zimene zachokera ku mbali yachiwiri. Mlimi ayambe ndi girinihausi imodzi kapena ziwiri, aone mmene gwero lake likuchitira m'chilimwe chathunthu ndi mmene sefa yake ikuchitira m'dzinja lathunthu, apeze wogula wodalirika, kenako akulitse. Mabanki, mabungwe ndi boma, pothandiza alimi a m'bomali, asalipire zipangizo pamene palibe zotsatira za kuyesa gwero, chilolezo cha madzi, ndi dzina la mmisiri amene adzafike pampu ikadzafa, chifukwa ngongole ya zipangizo zosiyidwa imatsalira mlimi, ndipo mudzi umene waona mlimi mmodzi akugwa motere umatenga zaka kuti ukhulupirirenso ulimi wamthirira.